Kasitomala wa pa ola ndikufuna azilipira pamwezi, ndiyambe bwanji?

Mlembi_wa_Limbe
Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumagwira ntchito panokha. Ine ndimasunga mabuku a ndalama a mabizinesi ang'onoang'ono, ndipo kasitomala wanga wamkulu ndi bambo ena a sitolo ya zipangizo zomangira kuno ku Limbe. Tinapangana K12,000 pa ola. Poyamba zinkayenda bwino chifukwa mabuku awo anali osokonekera, malisiti ali m'makatoni, ndiye maola ankachuluka. Panopa zonse ndinazilowetsa mu QuickBooks, pulogalamu ya pa kompyuta yosungira mabuku a ndalama, ntchito yomwe inkadya sabata yathunthu ikumatha masiku awiri. Ndiye kuti pamene ndikuidziwa bwino ntchito, ndalama yanga ikuchepa. Komanso invoisi ikafika timayamba mlandu: "Maola atatu a Lachiwiriwa munkatani?" Mafoni awo ausiku ofunsa za VAT sindiwalemba n'komwe, ndimachita manyazi.

Ndikufuna azindipatsa ndalama yokhazikika pamwezi. Mtengo ndiupeza bwanji, nanga ndiwauza bwanji kuti asaone ngati ndikufuna kuwadyera? Maola a miyezi 6 yapitayi ndi awa: 18, 22, 16, 35, 20, 21.

WaPaKabaza
Phatikizani, gawani ndi 6, mupeza 22. Chulukitsani ndi K12,000, K264,000. Nkhani yatha, nditumizireni ya fanta.

Gogo_Excel
A Kabaza, masamu mwakhoza koma yankho mwaphonya. Maola 22 amenewo ndi okhawo amene a Mlembi analimba mtima kulemba. Anena okha kuti mafoni ausiku salemba. Nanga ulendo wokatenga malisiti kusitolo, nanga nthawi yodikira bwanayo amalize kugulitsa simenti kuti asaine mapepala? Mukatenga maola olembedwa okhawo n'kuwasandutsa mtengo wa pamwezi, mwavomereza kuti ntchito yaulere ija ikhale yaulere mpaka kalekale. Ndipo ichuluka, chifukwa munthu akadziwa kuti foni siiwonjezera bilu amaimba kawiri.

China, yang'anani 35 uyo. Mwezi umenewo kunali chiyani? Ngati kunali kuwerenga katundu kapena kutseka chaka, imeneyo si ntchito ya mwezi ndi mwezi. Ichotseni m'masamumo, muziitchaja payokha ikabwera. Miyezi inayo ili pakati pa 16 ndi 22, kusonyeza kuti kukula kwa ntchito yanu n'kodziwika. Ntchito yotere ndi imene imayenera mtengo wa pamwezi. Ikanakhala yoti mwezi uno maola 5, wamawa 60, ndikanakuletsani.

Ine ndikanayamba ndi mwezi umodzi wolemba chilichonse, ngakhale foni ya mphindi zisanu, osati kuti nditchaje koma kuti ndidziwe nambala yoona. Mtengo uchokere pa nambala imeneyo.

Mlembi_wa_Limbe
Zikomo agogo. Mwezi wa 35 uja ankafuna ngongole kubanki, ndiye ndinkakonza maakaunti a zaka ziwiri amene abanki anapempha. Si ntchito ya nthawi zonse ayi.

Chitedze
Ine ndikutsutsa zonsezi. A Mlembi, khalani pa ola. Ndinachitapo zimenezi ndi loji ina ya kunyanja, ndinkawasamalira webusaiti ndi tsamba la Facebook. Titangosintha kukhala pamwezi, mwezi woyamba zinali bwino. Wachiwiri printa itafa anaimbira ine. Wachitatu ndinapezeka ndikulemba CV ya mphwawo wa eni loji, kenako kukonza WiFi ya ku bala Loweruka usiku. Ukati udandaule amakuuza kuti "si timakulipirani pamwezi?" Kuno kwathu munthu akamakupatsa ndalama mwezi ndi mwezi ndiwe wantchito wake basi, palibe kusiyana ndi mnyamata wa pageti. Pa ola ankaopa kundiimbira. Walira mvula walira matope, ine ndakuuzani.

WaPaKabaza
Nanga CV ija ntchito anaipeza mphwawoyo? kkkk

Chitedze
Anaipeza, ndipo amalandira kuposa ine.

Anaphiri_Design
A Chitedze, pepani nazo, koma ndikufunseni: munalemberana chiyani musanayambe? Ndikukhulupirira kuti munangogwirana chanza. Ine ndili ndi makasitomala atatu a pamwezi ndipo aliyense ali ndi pepala limodzi lokha, losafuna loya. Lina limati: zithunzi za malonda 12 pamwezi, chithunzi chilichonse chikhoza kukonzedwa kawiri, ndimayankha Lolemba mpaka Lachisanu pasanathe tsiku limodzi. Pansi pake pali mzere umene ndimaukonda kuposa yonse: "Zimene sizinalembedwe pamwambapa zili ndi mtengo wake." Akandipempha chizindikiro cha kampani chatsopano sindikana, sindikwiya, ndimangoti chabwino bwana, ndikutumizirani mtengo madzulo. Theka la zopempha zimathera pomwepo.

Chitedze
Pepala ku Malawi kuno? Akaliphwanya mukawasumira kuti, pa K200,000?

Anaphiri_Design
Pepalalo si la kukhoti achimwene. Ndi loti tsiku lokanganalo musamati "ine ndinamva chonchi", "ine ndinanena chonchi". Mumangolitsegula nonse n'kuwerenga.

Mbewu_ya_Makolo
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndiloleni ndiikepo langa. Vuto la a Mlembi ndi bwana wawoyo si ndalama kwenikweni, ndi muyeso. Ola si chinthu chomwe ambirife tinakula tikugulitsana. Waganyu m'munda mumapangana naye ndime: kuyambira apa kulekeza pa mtengo wa mango uwo, ndalama zakuti. Amalize m'mawa kapena dzuwa litapendeka, si nkhani yanu, inu mumangopita kukaona ngati ndime yatha. Mlonda ndiye mumamulipira pamwezi, ndipo mumagula nthawi yake yonse, n'chifukwa chake mumamutumanso kukagula makala.

Bambo asitolowo akamafunsa kuti Lachiwiri munkatani, si nkhanza. Ola sangalione, sanalipo pamene munkagwira. Ndime angaione. Ndiye chimene mukawagulitse ndi ndime yobwerezabwereza mwezi uliwonse: mabuku atsekedwa pofika tsiku lakuti, PAYE (msonkho wa pa malipiro a antchito) yapita, VAT yapita, malipiro a antchito akonzedwa, lipoti la phindu lili pa tebulo. A Chitedze anagwa chifukwa analowa ngati mlonda. Mawu akuti "pamwezi" amanyamula zonse ziwiri, ndipo mukapanda kunena kuti ndi iti, kasitomala amasankha imene yamukomera.

Mlembi_wa_Limbe
Apa mwandithandiza kwambiri. Ndipo ntchito yanga ili kale ndi masiku ake: PAYE ndi withholding tax (msonkho umene wolipira amadula pa invoisi) zimayenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, VAT pofika pa 25. Ndiye malire a ndimeyo boma linatiikira kale.

KuJoni_011
Chinthu chimodzi chomwe palibe wanena. Mukamanga mtengo wa pamwezi mu kwacha, mwadzimanga nokha. Mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha m'ma K1,180 kufika K1,700 tsiku limodzi. Amene anasaina mgwirizano wa chaka mu October chaka chimenecho anagwira miyezi yotsalayo akulira. Ine ndikanati lembani mtengo m'madola, azikulipirani mu kwacha malingana ndi mtengo wa tsikulo.

Gogo_Excel
Achimwene a ku Joni, matenda mwawapeza koma mankhwalawo ayi. Malamulo a ndalama zakunja salola kutchaja m'madola pa malonda a pakati pa anthu a m'dziko momwe muno, ndipo a Reserve Bank akhala akuchenjeza za zimenezi. Munthu wosunga mabuku a ena asakhale woyamba kulemba invoisi yotero. Komanso mtengo wake uti, wa kubanki kapena wa pamsewu? Pamenepo mwangobala mkangano wina woposa wa maola uja.

Chomwe chimatheka n'kulemba kuti mtengo udzaunikidwanso miyezi 6 iliyonse, komanso nthawi iliyonse imene kwacha yagwetsedwa. Wasitolo sangadabwe nazo, iye mwini amasintha mtengo wa malata sabata yomweyo.

KuJoni_011
Chabwino, zalamulozo ndavomera. Kuno makasitomala anga ndimawatchaja ma rand, sindinaziganizire.

Dolo_wa_Code
Inu a ku Joni, popeza mwatchula madola, ndalama za makasitomala akunja mumalandirira chiyani? Ine ndimadutsira Payoneer, kampani yolandirira ndalama pa intaneti, koma pofika mu akaunti ya kuno zimakhala zitaonda.

KuJoni_011
Ine akaunti yanga ndi ya konkuno, ndiye nkhani yake ndi ina. Kumudzi ndimatumiza pa Mukuru, mayi amakatengera pa boma.

WaPaKabaza
Amene ali ndi madola andipeze ku inbox, ndili ndi msuweni.

Woyang'anira_Gulu
A Kabaza, za msuweni wanuzo musatilowetse nazo m'mavuto. Nkhani ya kulandira ndalama zakunja yambitsani mutu wake. Pano tikuthandiza a Mlembi.

Dolo_wa_Code
Pepani a Woyang'anira. Ndibwerere pa mutu ndi mbali ina. Ine ndimagwira pa Upwork, webusaiti yopezerapo maganyu a pa intaneti, ndipo kumeneko ntchito ya pa ola ili ndi kapulogalamu kowerenga nthawi komwe kamajambula sikirini yako kamodzi pa mphindi 10 zilizonse. Kasitomala amaona zonse, ndiye mkangano wa "munkatani Lachiwiri" kulibe. Koma taganizani, nthawi imene ndimathetsa vuto lenileni la pulogalamu nthawi zambiri sindili pa kompyuta, ndimakhala ndikuyenda kapena magetsi atazima ndikulemba pa kope. Maola amenewo sawerengedwa. Kasitomala wanga wa nthawi yaitali titasintha kukhala pamwezi, chomwe chinasintha kwambiri si ndalama koma mtima. Ndinasiya kuopa kumaliza msanga.

Koma ndichenjeze: zinatheka chifukwa tinali titagwira limodzi nthawi yaitali, ntchito tonse tinkaidziwa kukula kwake. Kasitomala watsopano sindingamupatse mtengo wa pamwezi. Ayambe pa ola, tidziwane kaye.

Anaphiri_Design
A Mlembi, popeza ndinu a maakaunti, ndifunse langa. Kampani ina imene ndimaigwirira pamwezi imandidula 20 peresenti pa invoisi iliyonse, akuti withholding tax. Ndi zoona kapena akundibera? Ndipo inu mukamaika mtengo mumawerengera zimenezi?

Mlembi_wa_Limbe
Sakukuberani chemwali. Pa malipiro a ntchito ngati zathuzi lamulo limawauza adule 20 peresenti n'kukapereka ku MRA m'dzina lanu. Chofunika n'chakuti mukhale ndi TPIN, nambala yanu ya msonkho ku MRA, ndipo azikupatsani satifiketi yosonyeza kuti ndalamayo anaiperekadi. Si ndalama yotayika, imachotsedwa pa msonkho wanu wa pachaka mukamapereka ma return. Akamadula koma satifiketi osakupatsani, pamenepo ndiye funsani mwamphamvu. Ine zanga n'zoseketsa, chifukwa mabuku awo ndimasunga ndine, ndiye ndimadzidula ndekha n'kudzilembera ndekha satifiketi.

Pa mtengo, inde muziwerengera. Mukanena K320,000, m'manja mulandira K256,000. Lendi ndi chakudya zimalipiridwa ndi yachiwiriyo.

WaPaKabaza
Kudzidula wekha msonkho, koma anthu ena ndi oopa Mulungu.

Nachisale_Leeds
Ndiwonjezere kanthu pa zimene a Chitedze ananena, chifukwa anthu mwawaseka koma ali ndi mfundo. Ndalama yofanana, tsiku lofanana, mwezi uliwonse, kuchokera kwa munthu mmodzi, imayamba kufanana ndi salale. Kuno ku UK nkhani imeneyi ndi yaikulu, kuli malamulo otchedwa IR35 oona ngati munthu amene akudzitcha wodziimira payekha alidi wotero kapena ndi wantchito wobisika, ndipo kuyambira April 2021 makampani akuluakulu ndi apakati ndi amene amayenera kugamula zimenezo pa anthu omwe awalemba. Amayang'ana zinthu ngati: ndani amasankha nthawi yogwirira ntchito, zida ndi za ndani, kodi ungatumize munthu wina m'malo mwako.

Kumudzi malamulo ndi ena, koma funso ndi lomwelo. Wantchito weniweni ali ndi tchuthi cholipidwa, ali ndi penshoni imene bwana amaikapo 10 peresenti iye 5 peresenti. Inu mulibe zonsezo. Ndiye musalole kukhala pakati, kumalamulidwa ngati wantchito koma opanda zabwino za wantchito. Akayamba kunena kuti muzifika 8 koloko tsiku lililonse, mukhale pa desiki iyo, dziwani kuti mgwirizano wasanduka china. Muzigwiritsa laputopu yanu, muzitumiza invoisi mwezi uliwonse ngakhale ndalama ndi yomweyo, ndipo musasiye makasitomala ena.

Chitedze
Zikomo mayi, mwandiombola. Koma za IR35 zo ku Limbe sizifika.

Nachisale_Leeds
Sindinati zifika. Ndati funso lake ndi lomwelo.

Mlembi_wa_Limbe
Zonsezi ndalemba. Latsala funso langa lachiwiri lija, kawuzidwe kake. Bambowa ndi achikulire, ndimawalemekeza, ndipo ndi amene anandipezera makasitomala ena awiri. Sindikufuna ubale uwonongeke.

Che_Mdala
Mwana wanga, zimenezi si za pa WhatsApp. Pitani nokha, ndipo musapite tsiku la invoisi pamene mitima ili kale m'mwamba. Pitani pakati pa mwezi, VAT itapita bwinobwino, sitolo itazizira masana. Musayambe ndi mavuto anu. Munthu wabizinesi kuti ndalama yanu ikuchepa sizimukhudza, mwina akondwera. Yambani ndi zimene zimamuvuta iye. Nenani kuti: bwana, ndaona kuti mwezi uliwonse timataya nthawi kuwerengerana maola, ndipo inu simudziwa kuti invoisi ibwera ya zingati. Ndabwera ndi maganizo akuti muzidziwiratu, ndalama imodzi mwezi uliwonse, ntchito zake izi. Mukafuna kundifunsa kanthu pa nthawi ya ntchito muziimba osaopa kuti ndikulemba.

Kenako muikeni pepala patsogolo, mukhale chete. Achinyamata mumalakwitsa apa, mumatchula mtengo kenako n'kuyamba kuutsitsa nokha munthu asanayankhe. Adzanenerera, ndi wamalonda, kunenerera ndi chakudya chake. Ndiye yambirani pamwamba pang'ono pa pomwe mukufuna kuthera. Akatsitsa kwambiri musakane ndi pakamwa, chotsani ntchito pa pepalapo: pa mtengo umenewo bwana, malipiro a antchito muzikonza nokha. Muona akubwerera.

Ndipo muuzeni kuti ndi zoyesa miyezi itatu, zikapanda kukomera mmodzi wa inu mubwerera ku maola. Munthu amavomera msanga chinthu chimene akudziwa kuti khomo lotulukira lilipo.

Gogo_Excel
Che Mdala anena zonse. Ndingowonjezera ziwiri za pa pepalapo. Aliyense wofuna kusiya adziwitse mnzake masiku 30 asanasiye. Ndipo ndalama izilowa kumayambiriro kwa mwezi, osati kumapeto. Ubwino waukulu wa pamwezi ndi umenewo, kuti simukongoza ntchito.

Chitedze
Kulipiriratu? Mmalawi? Agogo inu mumakhala dziko liti?

Gogo_Excel
Lomwe lino limene lendi timalipiriratu miyezi itatu, bandulo timagula tisanagwiritse, magetsi timagula mayunitsi. Anthu amalipiriratu tsiku lililonse. Amene salipiriratu ndi okhawo amene sitinawapemphe.

Dolo_wa_Code
Funso limene adzafunse ndithu: mwezi ukakhala wopepuka, ntchito yachepa, ndalama ibwerera? Kapena maola otsala apita mwezi wamawa? Ine wanga ndinamulola kuti maola otsala azidutsa mwezi umodzi wokha.

Anaphiri_Design
Ine ayi. Zotsala zimafera mwezi womwewo. Ndinasunga malo ake pa kalendala yanga, ndinakana ntchito zina chifukwa cha iye. Mukalola kuti zizidutsa, adzaunjika miyezi itatu n'kukugwetserani zonse mu December pamene aliyense akufuna zotsatsa za Khrisimasi.

Dolo_wa_Code
N'chifukwa chake ndati mwezi umodzi wokha. Kukaniratu kumaoneka kuuma mtima.

Mbewu_ya_Makolo
Awiri inu mukukangana chifukwa mukuwerengabe maola. Pa pepala la a Mlembi mawu akuti ola asapezekepo n'komwe, kupatula pa ntchito zapadera. Mabuku a March akatsekedwa atsekedwa, palibe chotsala choti chidutse. Mukangolemba kuti "maola 22 pamwezi", bambo aja ayambiranso kufunsa za Lachiwiri.

Dolo_wa_Code
Kwa a maakaunti zikhoza kutheka. Ntchito ya mapulogalamu ilibe malire oonekera chonchi, "kukonza kabatani kamodzi" kukhoza kudya sabata. Ine popanda denga la maola ndingafe.

Mbewu_ya_Makolo
Pamenepo ndavomera, ntchito zimasiyana.

Mlembi_wa_Limbe
Ndabwerako abale. Ndinapita dzulo masana monga ananenera Che Mdala. Ndinatchula K330,000, anaseka, anati K270,000. Ndinachotsa malipiro a antchito pa pepala, anati ayi zimenezo ndi zimene zimawapweteka mutu, zibwerere. Tathera pa K300,000. Kutseka chaka, mapepala a ngongole ndi kuwerenga katundu ndi zapadera, pa K15,000 pa ola. Mafoni mpaka 5 koloko, Loweruka mpaka masana. Tiyesa miyezi itatu. Kulipiriratu akana, tagwirizana theka pa 5, theka lina VAT ikapita. Chondidabwitsa n'chakuti za maola sanazitchule n'komwe, chimene anafunsa kawiri n'chakuti lipoti la phindu lizibwera tsiku liti.

Chitedze
Tionane ikatha miyezi itatuyo. Printa ikafa mudzatiuze.

Gogo_Excel
Mwachita bwino, ngakhale theka lachiwirilo ndikanakonda likanakhala ndi deti lakelake, osati "VAT ikapita". Tsiku lina adzachedwa kukupatsani malisiti, VAT idzachedwa, ndalama yanu idzachedwa nayo pa mlandu wa iwo. Funso lina: mwalembapo kuti antchito ndi angati ndipo sitolo ndi zingati?

Mlembi_wa_Limbe
Antchito ndinalemba, osapitirira 15. Za sitolo ayi. Ndipo potsanzikana ananena kuti akuyang'ana malo ku Lunzu oti atsegule ina chaka chino.

Gogo_Excel
Ndiye musanasaine pepalalo wonjezerani mzere: mtengowu ndi wa sitolo ya ku Limbe yokha ndi akaunti za kubanki zimene zilipo lero, nthambi yatsopano ikatsegulidwa tidzakambirana mtengo wina. Theka lachiwiri lembani pa 25, VAT ipite isapite.

Anaphiri_Design
A Mlembi, mukamaliza kulikonza pepalalo mufufute maina ndi ndalama mutiikire pano. Ndikufuna ndione mmene mwalembera gawo la ntchito zapadera, langa pamenepo ndi lofooka.